Timabokosi ta Thabwa Takale: Wogula Amalipira Chiyani Kwenikweni?

Loweruka lililonse mumsewu wa Portobello Road ku London mumadzaza anthu osaka zinthu zamakedzana. Pamatebulo a ogulitsa sipalephera kukhala timabokosi ta thabwa, tina takuda bii, tina tamizeremizere, tina ta maanga a mitundumitundu, ndipo kapepala ka mtengo kamati n'tosungiramo zodzikongoletsera. Kapepalako sikanama, koma sikanenanso zonse. Timabokosi tambiri ta m'zaka za m'ma 1800 timene lero timasunga mphete, ndolo ndi mikanda sitinapangidwire ntchito imeneyo. Kena kanali ka masamba a tiyi, kena ka singano ndi ulusi, kena ka makalata ndi inki, kena ka mabotolo a mafuta onunkhira a dona wa paulendo. Pakati apa wina anazula zam'kati, n'kumata veleveti watsopano, n'kukapatsa dzina logulitsika.

Amalonda amagawa katunduyu pawiri. Chimene amati antique ndi chinthu chimene chakwanitsa zaka 100, ndipo malirewa sanangowalota: ndi amene akasitomu a ku America akhala akugwiritsa ntchito kuyambira 1966 posankha katundu wolowa popanda msonkho. Chimene amati vintage n'chaching'ono pamenepo, ndipo msika wa pa intaneti wa Etsy umalola dzinali pa chilichonse chimene chatha zaka 20. Ndiye kuti kabokosi kopangidwa pamanja mu 1930 ndi kena kotuluka m'fakitale mu 1999 timayendera dzina limodzi. Wogula wosachenjera amayambira pomwepa kupusitsidwa.

Mwambo wosungira zamtengo wapatali m'kabokosi kokongola ndi wakale zedi. Mu 1914 gulu la Flinders Petrie likufukula pa Lahun ku Egypt linapeza chuma cha mwana wamkazi wa mfumu, Sithathoriunet, yemwe anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 3,800 zapitazo. Madzi anali atalowa m'mandamo kalekale ndipo matabwa a mabokosi ake anali atawola. Chimene chinatsala m'matope ndi tizidutswa ta minyanga ya njovu ndi golide. Akatswiri anatitola kamodzikamodzi n'kutiyalanso pa thabwa latsopano, ndipo bokosilo lero lili ku Metropolitan Museum ku New York. M'manda a Tutankhamun, amene Howard Carter anawatulukira mu 1922, munalinso bokosi la zodzikongoletsera lolembedwa dzina la mfumuyo pachivundikiro ndi zilembo za minyanga ndi thabwa lakuda. Thabwa lakuda limene Aigupto ankalilemekeza chotere linkachokera kum'mwera kwa dziko lawo, ndipo ofufuza anapeza kuti ndi Dalbergia melanoxylon. Ameneyu ndi phingo yemweyu amene osema ziboliboli kuno kwathu amamudziwa kuti amabunthitsa tchizulo.

Koma timabokosi timene timadzaza misika lero n'ta ku Britain ndi ku France ta pakati pa 1780 ndi 1900, ndipo kalikonse kamanena za moyo wa m'nyumba za anthu opeza bwino a nthawiyo. Tiyi anali wodula kwambiri moti mayi wa pakhomo ankamukhomera m'kabokosi, kiyi n'kumayenda naye m'chiuno, kuopa antchito. Mpaka mu 1784 msonkho wa tiyi ku Britain unali 119 peresenti, ndipo chaka chimenecho boma la William Pitt linautsitsa kufika pa 12.5 peresenti pofuna kugwetsa malonda ozembetsa. Tiyi anatsika mtengo, koma chizolowezi cha kabokosi ka loko chinakhalapobe zaka zina makumi ambiri. Kabokosi ka tiyi kamadziwika m'kati: muli zipinda ziwiri zokhala ndi tizivundikiro take, pena ndi malo a mbale ya galasi pakati, ndipo makoma anali omatidwa kachitsulo kopyapyala kotuwa. Ngakhale wina asinthe kabokosiko, zotsalira za kachitsuloko zimabisala m'makona.

Panalinso bokosi lolembera, limene likatsegulidwa limasanduka kadesiki kopendekeka. Jane Austen anali nalo la mahogany limene bambo ake anamugulira mu 1794, ndipo likusungidwa ku British Library. Thomas Jefferson analembera chikalata cha ufulu wa America mu 1776 pa bokosi lotere. Mabokosi amenewa ndi amene amasangalatsa ana ndi akulu omwe chifukwa cha timadilowa tobisika. Munthu amachotsa botolo la inki, n'kukoka kapena kutsina kathabwa kena kooneka ngati kopanda ntchito, sipuling'i n'kukankha khoma lonse, kuseri kwake n'kuoneka timadilowa tiwiri kapena titatu tobisamo ndalama za golide ndi makalata osafunika maso a anthu.

Lapamwamba pa onse linali bokosi la paulendo la madona ndi mabwana, limene masitolo a ku London monga Asprey ankagulitsa. M'kati munkakhala mabotolo a galasi a zivundikiro zasiliva, kalilole m'chivundikiro, ndi kadilowa ka zodzikongoletsera pansi. Mabokosi amenewa ndi amene asinthidwa kwambiri. Mabotolo amagulitsidwa paokha, bokosi n'kumatidwa nsalu yatsopano. N'zomvetsa chisoni, chifukwa zivundikiro zasiliva zija ndi zimene zinkanena zaka za bokosilo mosaphonya: siliva wa ku London wakhala akudindidwa chilembo chosonyeza chaka kuyambira 1478. Bokosi limene lataya mabotolo ake lataya chiphaso chake chobadwira.

Tsono kukongola kumene anthu amakuthamangira kuli pati? Apa ndiye pagona nkhani. Pafupifupi timabokosi tonseti mkati mwake ndi thabwa wamba, la paini kapena mahogany wotsika mtengo. Chimene diso limaona ndi khungu chabe, kathabwa kopyapyala ka mtengo wodula kamene amakamata pamwamba, kamene akalipentala amati veneer. Imeneyi sinali njira yonamiza ogula. Mitengo yokongola kwambiri inali yosowa, ina yaing'ono, ina yosachedwa kung'aluka, moti kuicheka mopyapyala ndiyo inali njira yokha yoigwiritsira ntchito. Wotchuka m'nthawi ya Mfumukazi Victoria unali calamander wa ku Sri Lanka, amene ogulitsa amamutchulanso coromandel, wakuda wa mizere yofiirira. Adatchi kenako Angelezi anaugwetsa mpaka unatsala pang'ono kutheratu, ndipo lero munthu akafuna kuuona mosavuta amauona pa mabokosi akalewa, osati m'nkhalango.

Luso la khunguli linafika pachimake m'tauni ya Tunbridge Wells ku Kent. Kuyambira 1606, pamene kunapezeka kasupe wa madzi amene ankati amachiritsa, anthu olemera ankakhamukirako, ndipo pobwerera ankafuna kachinthu ka chikumbutso. Cha m'ma 1830 amisiri a kumeneko anayamba njira imene inatchukitsa dzina la tauniyo. Mmisiri ankayamba wajambula chithunzi pa pepala la timabokosibokosi, kaya ndi duwa, gulugufe, galu kapena nyumba yaikulu ya Eridge. Kenako ankacheka timitengo tating'onoting'ono ta makona anayi, kalikonse ka mtundu wake, n'kutisanja motsatira chithunzicho, mzere ndi mzere, n'kutimata ndi guluu mpaka tipange chipika chimodzi cholimba. Kumapeto kwa chipikacho chithunzi chinkaoneka chathunthu, ndipo chinkadutsa m'kati mwake monse kukafika kumapeto ena. Chotsala kunali kucheka chipikacho ngati buledi. Kagawo kalikonse, kokhuthala milimita imodzi kapena ziwiri, kankatuluka ndi chithunzi chomwecho, kokonzeka kumatidwa pa chivundikiro.

Amisiriwa ankanyadira kuti mitundu yawo ndi yachilengedwe. Zoyera ankazipeza ku mtengo wa holly, zakuda ndi zofiira ku mitengo ya kunja, ndipo zobiriwira ankazitola m'nkhalango: nthambi za oak zogwa zimene zagwidwa ndi kabowa kena kamene kamasintha thabwa kukhala lobiriwira. Mmisiri Edmund Nye anakaonetsa ntchito yotere pa chionetsero chachikulu cha ku London cha 1851, ndipo Thomas Barton anapitiriza fakitale yake. Kampani yomaliza ya m'tauniyo inatseka mu 1927, ndipo kafakitale kena ka ku Rye kanayesa kupitiriza mpaka nkhondo itayamba mu 1939.

Pali mfundo ina imene ogulitsa sakonda kuitchula: njira imeneyi inali yochulukitsira katundu. Chipika chimodzi chinkabereka zithunzi makumimakumi zofanana ndendende. Kabokosi ka Tunbridge n'kokongola ndithu, koma amene wauzidwa kuti "palibenso kena kotere padziko lonse" wauzidwa bodza.

Nzeru yomanga mtolo wa timitengo n'kuucheka sinali ya Angelezi okha, ndipo siinayambire kwa iwo. Ku Shiraz ndi ku Isfahan ku Iran amisiri a khatam akhala akumanga mitolo ya timitengo ta makona atatu, fupa la ngamila ndi waya wa mkuwa kwa zaka mazana ambiri, n'kumatulutsa nyenyezi zing'onozing'ono zosawerengeka. Luso lomwelo linafika ku Bombay komwe limatchedwa sadeli. Ku Japan, m'mudzi wa Hatajuku ku mapiri a Hakone, Ishikawa Nihei anayambitsa yosegi chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Kumeneko chipika sachicheka ndi sowo koma amachipala ndi pulena yaikulu, n'kutulutsa kakhungu kosakwana theka la milimita. Ku Hakone komweko n'kumene kumachokera timabokosi topanda loko koma tosatseguka pokhapokha munthu atasuntha timatabwa ta m'mbali motsatana bwino, tina kanayi, tina kopitirira ka 50.

Ku India, doko la Vizagapatam, limene lero ndi Visakhapatnam, linkapangira Azungu mabokosi a sandalwood wonunkhira okutidwa ndi minyanga ya njovu. Mmisiri ankazokota maluwa pa mnyangawo, n'kuthira utomoni wakuda wosungunula m'mizeremo, n'kupala pamwamba kuti maluwa akuda atsale pa zoyera. Ku Galle ndi ku Matara ku Sri Lanka ankayala minga ya nungu m'mafulemu a thabwa lakuda.

Gulu la vintage ndi la katundu wa anthu wamba, ndipo m'pamene wogula wa m'thumba mochepa angayambire. Ku Mauchline ku Scotland kampani ya W. & A. Smith inkapanga timabokosi ta sycamore tosindikizidwa zithunzi za malo okaona alendo mpaka moto unawononga fakitale yake mu 1933. Ku Sorrento ku Italy ankayala zithunzi za alimi ndi ovina pa thabwa la olive ndi walnut. Ku America kampani ya Lane ya ku Altavista, Virginia, inali ndi nzeru ya malonda yosowa: kwa zaka makumi ambiri inkapereka kabokosi ka cedar kaulere kwa atsikana omaliza sekondale kudzera m'masitolo a mipando, poyembekezera kuti pokonzekera ukwati adzabwera kudzagula bokosi lalikulu. Tinagawidwa mamiliyoni, choncho ngakhale kakhale ka 1950 mtengo wake ndi wochepa. N'chimodzimodzi timabokosi toimba nyimbo munthu akatsegula. Makina ake anayambira ku Geneva mu 1796 ndi Antoine Favre, ndipo a dzina la Reuge kapena Thorens a ku Sainte-Croix amafunidwabe, koma ambiri a pambuyo pa nkhondo yachiwiri ndi a kampani ya Sankyo ya ku Japan, imene inadzaza nawo dziko lonse.

Ukalamba paokha sukweza mtengo. Chimene chimakweza mtengo ndi kusowa, luso, dzina la wopanga ngati kalebulo kake kakadalipo, ndiponso kuti kabokosiko sikanaseweretsedwe.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti kabokosi n'kakaledi? Odziwa sayambira pamwamba. Amakatembenuza, amatsegula, amanunkhiza. Amafufuza pamene khungu labenthuka kuti aone kukhuthala kwake: lochekedwa ndi sowo wa pamanja limapitirira milimita imodzi ndipo silifanana paliponse, pamene la makina amakono ndi lopyapyala kwambiri komanso losalala mofanana. Amayang'ana masikuluwu a mahinjesi. Zisanafike zaka za m'ma 1850 masikuluwu anali osasongoka kunsonga, ndipo mzere wa pamutu nthawi zambiri sunkadutsa pakati penipeni. A mutu wa mtanda anabwera m'zaka za m'ma 1930, choncho akapezeka pa kabokosi kamene akuti n'ka 1820, ndiye kuti pali amene anakonzapo kapena pali amene akunama. Pansi pa pulayiwudi, guluu woyera wa masiku ano wotuluka m'makona, ndi fungo la vanishi watsopano, zonsezi zimaulula.

Thabwa nalo lili ndi khalidwe limene wonyenga amavutika kulitsanzira. Likamauma pa zaka zambiri limafota m'lifupi koma osati m'litali. N'chifukwa chake kabokosi kozungulira kamene kanatuluka pa makina kali kozungulira bwinobwino mu 1800 lero kamakhala kophwatalala pang'ono, ndipo zivundikiro zambiri zakale zili ndi kamng'alu kotsata mzere wa thabwa. Kamng'alu koteroko ndi mboni, osati chilema. Timabowo ta kufumbwa natonso timafunsidwa mafunso. Kachilombo kamayenda mokhotakhota m'kati mwa thabwa, pamene bowo la chiboolero limalowa mowongoka, ndipo singano ikalowa kutali osagunda kanthu pali chokayikitsa. Timabokosi ta tiyi tooneka ngati peyala kapena apulo ndi timene tapangidwa tabodza kwambiri, chifukwa tenitenito timagulidwa ndalama zambiri pa okushoni.

Pa katundu wa zaka za m'ma 1900 malemba a pansi amathandiza. Lamulo la McKinley la 1890 linalamula kuti katundu wolowa ku America azilembedwa dziko limene wachokera. Zolembedwa "Nippon" n'za pakati pa 1891 ndi 1921. "Made in Occupied Japan" n'za zaka zochepa za pambuyo pa nkhondo, kulekeza 1952. "West Germany" singapitirire 1990.

Chimene chasokoneza malondawa kwambiri m'zaka zaposachedwa si akathyali koma malamulo oteteza zachilengedwe, ndipo pamenepa nkhaniyi ikukhudza Africa mwachindunji. Minyanga yambiri imene inkafika ku Bombay ndi ku London m'zaka za m'ma 1800 inkadzera ku Zanzibar, ina itawoloka nyanja ya Malawi pa Nkhotakota m'zombo za a Jumbe, pamodzi ndi akapolo. Lero ku Britain lamulo la Ivory Act, limene linayamba kugwira ntchito pa 6 Juni 2022, limaletsa kugulitsa chinthu chokhala ndi mnyanga. Nthawi zambiri kabokosi kamapulumuka pokhapokha ngati kanapangidwa chisanafike chaka cha 1947, mnyanga wake sukwana 10 peresenti ya kabokosi konse, ndipo mwiniwake wakalembetsa kuboma. Wolakwa angalipe mpaka mapaundi 250,000 kapena kukhala m'ndende zaka zisanu. Mu Januwale 2025 lamuloli linawonjezeredwa kuti likhudzenso mano a mvuu. Zotsatira zake n'zakuti kabokosi ka tiyi kokhala ndi kamnyanga kakang'ono pa bowo la kiyi kangagulitsidwe, koma bokosi la Vizagapatam lokutidwa ponseponse, limene kale linali chuma, nthawi zambiri silingapitenso pamsika. Ena afika pomazula mnyanga n'kuikapo pulasitiki, ndipo njovu imene inafa zaka 200 zapitazo sipindulapo kanthu.

Mmalawi wa ku Britain kapena ku South Africa amene wagula kotereka ndipo akufuna kubwera nako kumudzi ayenera kusamala kawiri. Lamulo la nyama zakutchire la Malawi, monga linakonzedwera mu 2017, limalola chilango cha zaka mpaka 30 pa milandu ya minyanga, ndipo mawu akuti "n'chakale" popanda mapepala sathandiza pabwalo la ndege.

Matabwa nawo ali ndi malamulo ake. Pangano la mayiko la CITES linaletsa malonda a rosewood wa ku Brazil mu 1992. Pamsonkhano wa ku Johannesburg mu 2016 mitengo yonse ya mtundu wa Dalbergia, phingo ali momwemo, inaikidwa pa mndandanda wofunika chilolezo. Pamsonkhano wa 2019 anafewetsa pang'ono kuti zinthu zopangidwa kale zosapitirira makilogalamu 10 a thabwalo zizidutsa, koma rosewood wa ku Brazil sanamukhululukire, ndipo iyeyo ndi amene anakuta mabokosi ambiri a ku England a m'ma 1820 ndi 1830.

Msonkhano wa 2019 womwewo, pa pempho la Malawi, unaikanso pa mndandanda mkungudza wa ku Mulanje. Amene anakwerapo phirili kudzera ku Likhubula amatikumbukira timabokosi tosemedwa ta mkungudza, topepuka, tonunkhira, timene chiswe sichitiyandikira. Kwa zaka zambiri tinali mphatso imene mlendo sankachoka ku Mulanje wopanda. Mtengowu, umene unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha itaimirira paphiri lonselo. Mabungwe monga Mulanje Mountain Conservation Trust adzala mbande zambirimbiri, koma mkungudza sufulumira kukula. Mbiri ya calamander yabwerezeka pakhomo pathu. Kabokosi ka mkungudza ka m'ma 1970 kamene kali m'kabati ya agogo ku Blantyre kapena ku Leeds tsopano ndi vintage weniweni, ndipo katsopano kogulitsidwa m'mbali mwa msewu nkofunika kufunsa kuti thabwa lake lachokera kuti.

Kasungidwe kake sikovuta, koma anthu ambiri amawononga chifukwa cha chikondi. Adani aakulu ndi dzuwa, limene limafwifwitsa mitundu, ndi kusinthasintha kwa chinyezi. Guluu wakale anali wophika kuchokera ku zikopa ndi mafupa, ndipo amafewa kukanyowa, n'kuuma gwa kukatentha. Kabokosi kamene kaona chilimwe cha Okutobala ndi mvula ya Januwale pafupi ndi windo kamayamba kutukula khungu. Kansalu kouma ndi phula la njuchi pang'ono kamodzi pachaka n'zokwanira. Sandipepa ndi vanishi wonyezimira zimachotsa m'mphindi khumi mtundu umene unatenga zaka 150 kuti ukhwime, ndipo mtengo wa kabokosiko umagwa nthawi yomweyo. Chodabwitsa china n'chakuti si thabwa lililonse limene limakomera zodzikongoletsera: oak amatulutsa mpweya wa asidi umene umadya ngale ndi zitsulo zina, ndipo nsalu ya ubweya wa nkhosa imadetsa siliva.

Chatsala ndi kiyi, amene nthawi zambiri anatayika kalekale. Mabokosi ambiri abwino ali ndi zipsera kutsogolo chifukwa wina anapanikiza mpeni pansi pa chivundikiro. Maloko wamba a timabokosi ta tiyi ndi ta singano ndi osavuta, ndipo wokonza maloko wodziwa ntchito amapeza kiyi wolowa. Koma ngati bowo la kiyi ndi lozungulira ndipo pa loko palembedwa Bramah, ndi bwino kungoika mpeniwo pansi n'kufunsa akatswiri, poti kampaniyo ikadalipo ku London. Joseph Bramah analembetsa loko wakeyu mu 1784, ndipo kuyambira 1790 anaika mmodzi pawindo la sitolo yake ndi lonjezo la magini 200 kwa aliyense amene angamutsegule popanda kiyi. Ndalamazo zinadikira zaka zoposa 60. Amene anazitenga ndi Alfred Charles Hobbs wa ku America mu 1851, atalimbana naye maola 51 pa masiku 16, ndipo lokoyo tsopano ali ku Science Museum.